Mutu 9: Phazi Likavula Nsapato

M'masitolo ena a ku London, ku Berlin ndi ku New York muli nsapato zimene wogulitsa amazitamanda ndi mawu odabwitsa: akuti ukazivala umangomva ngati sunavale kanthu. N'zopyapyala pansi, n'zopepuka, n'zotakasuka kutsogolo, zilibe chidendene chokwera, ndipo ukhoza kuzipinda n'kuziika m'thumba la jekete. Mtengo wake kawirikawiri umapitirira madola 100. Ogula ake ndi anthu a ndalama zawo, amene akhala akuvala nsapato chibadwire, ndipo lero akufuna kuphunzira kuyenda monga amayendera munthu wosavala nsapato.

Munthu wokulira kumudzi kwathu kuno akamva zimenezi sangalephere kuseka. Ambiri mwa ife tidayamba kuvala nsapato titakula kale. Ena ankaziona pa Khirisimasi pokha, ena ankazinyamula m'manja ulendo wonse n'kukazivalira pafupi ndi tchalitchi. Kwa ife kuyenda wopanda nsapato ndi chizindikiro cha umphawi, ndipo kholo lililonse limayesetsa kuti mwana wake asamaponde pansi. Nanga anthu olemerawa akufunanji?

Tisanaseke kwambiri, tiyang'ane mapazi a m'matauni athu omwewa. Kalaliki wa mu ofesi ku Lilongwe, namwino wa ku Lusaka, mlonda woima pageti usiku wonse atavala jombo: onsewa amakhala mu nsapato maola ochuluka, ndipo madandaulo awo ndi ofanana ndi a ku Ulaya. Chidendene chimabaya podzuka m'mawa, zala zimakwerana, mapazi amatopa msanga. Ndiye mafunso awiri amatikhudza tonse. Kodi nsapato imalichita chiyani phazi? Ndipo munthu amene phazi lake lazolowera nsapato angalibweze bwanji pa ntchito yake popanda kudzipweteka?

Chimene chili m'kati mwa phazi

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Mapazi awiri ali ndi mafupa 52, kutanthauza kuti pa mafupa anayi alionse a munthu wamkulu, limodzi lili kuphazi. Mafupa a phazi limodzi amalumikizana m'malo 33, ndipo amagwiridwa ndi minofu ndi mitsempha yoposa 100. Chiwalo cha zolumikizira zochuluka chonchi n'choyenera kumapindika, kumatambasuka ndi kumagwira nthaka.

Pondani pa simenti youma ndi phazi lonyowa, muone chidindo chake. Chidendene chaoneka, zala zaoneka, koma pakati mbali ya m'kati mwadyeka. Malo okumbika amenewo amagwira ntchito ngati uta: thupi likatsamira phazi, utawo umatambasuka pang'ono n'kusunga mphamvu, ndipo phazi likamanyamuka umabwerera n'kumukankhira munthu kutsogolo. Mu 1987 akatswiri a pa yunivesite ya Leeds ku England adayeza n'kupeza kuti pothamanga uta wa phazi umabweza pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu imene munthu amaponda nayo. Mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene, umene madokotala amautcha Achilles, umabweza pafupifupi 35 peresenti. Khungu la kuphazi nalo lili ndi timitsempha tambirimbiri tomvera, n'chifukwa chake kugirigisha kumapweteka nthiti kumeneko. Timitsempha timeneti timauza ubongo msangamsanga ngati pansi pali poterera, pamiyala kapena popendekeka, ndipo thupi limasintha kapondedwe munthu asanaganize n'komwe.

Phazi lotereli n'lakalekale. Ku Laetoli, kumpoto kwa Tanzania, gulu la Mary Leakey lidapeza mu 1978 mapazi odindika m'phulusa la phiri lophulika, a zaka pafupifupi 3.6 miliyoni zapitazo. Chidendene chidalowa kwambiri, ndipo chala chachikulu chidalunjika kutsogolo pamodzi ndi zinzake, monga mapazi athu. Nsapato zakale kwambiri zimene zidapezekapo, zolukidwa ndi makungwa a chitsamba, adazifukula m'phanga la Fort Rock ku Oregon, ku America, ndipo zili ndi zaka zoposa 9,000. Ina ya chikopa, ya zaka pafupifupi 5,500, adaipeza m'phanga lina ku Armenia mu 2008. Zonsezi zidali zofewa ndi zathyathyathya, zongoteteza khungu ku minga ndi kuzizira. Nsapato yothamangira ya wofuwofu pansi ndi chidendene chokhuthala idafala m'zaka za m'ma 1970, pamene kuthamanga kolimbitsa thupi kudatchuka ku America ndipo makampani monga Nike adayamba kupikisana pa kufewa kwa nsapato.

Zitatu zimene nsapato imasintha

Choyamba chili kutsogolo. Phazi la mwana wakhanda limatambalala kwambiri ku zala, koma nsapato zambiri zimatambalala pakati n'kumanka zisongoka. Zala zikakhala zofinyika kwa zaka zambiri, chala chachikulu chimapendekera kwa zinzake, ndipo fupa la patsinde pake limatumphukira pambali n'kumatupa. Vutoli limayenderanso kumtundu, koma nsapato zothina zimalikuza. Chala chachikulu ndicho chimakankha thupi pa sitepe iliyonse, choncho chikapotoka kayendedwe konse kamasokonekera.

Chachiwiri chili kumbuyo. Ngakhale nsapato yooneka yathyathyathya imakhala yokwera ku chidendene. Nsapato zambiri zothamangira zimakweza chidendene ndi mamilimita 10 mpaka 12 kuposa zala, ndipo gogoda amachikweza ndi masentimita angapo. Chidendene chikamakhala m'mwamba tsiku ndi tsiku, katumba amazolowera kukhala wofupika. Kafukufuku wina wa ku Manchester mu 2010 adapeza kuti amayi ovala gogoda kwa zaka adali ndi minofu ya akatumba yofupikirako ndi pafupifupi 13 peresenti, ndiponso mtsempha wa Achilles wouma. Apa m'pamene pagona chifukwa chimene mayi wozolowera gogoda amamvera ululu kumbuyo kwa mwendo akavala patapata.

Chachitatu chili pansi, pamene osoka nsapato amati soli. Soli yokhuthala ndi yosapindika imatsekereza uthenga wa nthaka kuti usafike ku ubongo, ndipo kachitumphu kochirikiza uta wa phazi kamalanda ntchito ya timinofu ta m'phazimo. Mnofu wosagwira ntchito umafota. Amene adathyokapo mwendo n'kuuika m'chikhakha amadziwa mmene umatulukira utaonda. Ku India, mu 1992, madokotala awiri adayeza mapazi a ana 2,300. Mwa ana ovala nsapato, 8.6 peresenti adali ndi mapazi athyathyathya, opanda uta, pamene mwa ana osavala adali 2.8 peresenti okha, ndipo vutoli lidali lalikulu mwa ovala nsapato zotseka kutsogolo. Mu 2017 kafukufuku wina woyerekeza ana a ku South Africa ndi a ku Germany adapezanso kuti ana okula osavala nsapato amakhala ndi uta wokwererako.

Kuchokera ku Rome mpaka kukhoti

Pa 10 Sepitembala 1960, pa masewera a Olimpiki a ku Rome, msilikali wa ku Ethiopia wolondera mfumu Haile Selassie, dzina lake Abebe Bikila, adaima pamzere wa mpikisano wa makilomita 42 alibe nsapato. Nsapato zatsopano zimene adayesa zidamutulutsa matuza, ndiye adangoti athamange monga ankachitira kwawo. Adafika kumapeto kutada, asilikali atanyamula miyuni m'mbali mwa msewu, ndipo adapambana m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16, nthawi imene padalibe adaifikapo. Mu 1964 ku Tokyo adapambananso, ulendo uno atavala nsapato, ndipo adachotsapo mphindi zitatu. Mphamvu idali m'miyendo yake, imene idakulira m'mapiri, osati m'kuvala kapena kuvula. Zola Budd wa ku South Africa naye adatchuka m'zaka za m'ma 1980 pothamanga wosavala, moti amene adakhalapo ku Joni amadziwa kuti maminibasi kumeneko adawapatsa dzina lake.

Komabe chimene chidautsa chidwi cha dziko lonse ndi buku. Mu 2009 mtolankhani wa ku America, Christopher McDougall, adatulutsa buku lotchedwa Born to Run, lofotokoza za anthu a mtundu wa Rarámuri, kapena kuti Tarahumara, a m'zigwa zakuya za Chihuahua ku Mexico. Anthu amenewa amathamanga mitunda italiitali atavala nsapato zosema ku matayala akutha, zomangira ndi lamba wa chikopa, zimene kwathu kuno tingangoti nkhwaira. Mbiri yawo si yongokokomeza: mu 2017 mtsikana wa mtundu umenewu, María Lorena Ramírez, adapambana mpikisano wa makilomita 50 wa m'mapiri ku Puebla atavala siketi ndi nsapato zotere.

Chaka chotsatira bukulo, mu 2010, Daniel Lieberman wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake adasindikiza m'magazini ya sayansi ya Nature zimene adapeza atayeza othamanga a ku America ndi a kudera la Eldoret ku Kenya. Ovala nsapato ambiri amatera ndi chidendene, ndipo pamakhala kugunda kwadzidzidzi kumene kumayenda m'mafupa mpaka m'mawondo, pafupifupi ka 600 pa kilomita iliyonse. Ozolowera kuthamanga osavala ambiri ankatera ndi kutsogolo kwa phazi, ndipo kugundako kunkachepa kwambiri. Anthu adamva zimene ankafuna kumva. Nsapato ya kampani ya ku Italy ya Vibram, ya timatumba tisanu ta zala, yotchedwa FiveFingers, idagulidwa ngati kulibe mawa.

Sipadapite nthawi, zipinda za madokotala a mapazi zidayamba kudzaza. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Brigham Young ku America adatsatira othamanga amene ankasinthira ku nsapato za FiveFingers kwa masabata 10. Atawajambula ndi makina a MRI, anthu 10 mwa 19 adali ndi zizindikiro za kutupa m'kati mwa mafupa a phazi, ndipo ena adali atachita kale ming'alu. Chaka chomwecho kafukufuku wina pakati pa anthu a mtundu wa Daasanach, a kufupi ndi nyanja ya Turkana ku Kenya, adaonetsa kuti ambiri a iwo, ngakhale savala nsapato, amatera ndi chidendene akamathamanga mwa pang'onopang'ono. Mu 2014 kampani ya Vibram, itasumiridwa kuti inkalonjeza thanzi popanda umboni, idavomera kupereka madola 3.75 miliyoni kuti mlandu uthe, ngakhale sidavomere kulakwa. Msika udatembenukira kwina, ku nsapato zokhuthala kuposa kale. Pamene Eliud Kipchoge wa ku Kenya ankathamanga makilomita 42 m'maola osakwana awiri ku Vienna mu Okutobala 2019, adavala nsapato ya soli yokhuthala kwabasi.

Chotsalira chimkokomo chitatha

Phokoso la amalonda litazilala, mfundo zingapo zidatsala zili chiimire. Yoyamba ndi yakuti phazi limalimba likapatsidwa ntchito, ngakhale la munthu wamkulu. Mu 2019 akatswiri omwe aja a ku Brigham Young adapeza kuti kungoyenda ndi nsapato zopyapyala kwa masabata 8 kudalimbitsa minofu ya phazi mofanana ndi kuchita mafizo a phazi. Mu 2021 a pa yunivesite ya Liverpool adapeza kuti anthu ovala nsapato zotere pa ntchito zawo za tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6 adawonjezera mphamvu ya zala ndi pafupifupi 57 peresenti.

Yachiwiri ndi ya khungu. Mu 2019 gulu la Lieberman lidayeza anthu a ku Kenya ndi a ku America n'kupeza kuti khungu lokhuthala la munthu wosavala nsapato silichepetsa kumva. Limateteza ku miyala ndi kutentha, koma uthenga wa nthaka umadutsabe, zimene soli ya wofuwofu imalephera.

Yachitatu ndiyo imene ogula a mu 2010 adailumpha. Kuvula nsapato sikuchotsa katundu, kumangomusamutsa. Kutera ndi kutsogolo kwa phazi kumapeputsa bondo, koma kumalemetsa katumba, mtsempha wa Achilles ndi mafupa aatali a pakati pa phazi. Palibe kafukufuku amene waonetsa motsimikizika kuti othamanga osavala amavulala mochepa kuposa ovala. Chimene chimasiyana ndi malo amene amavulala. Ndipo ziwalo sizizolowera pa liwiro limodzi. Khungu ndi minofu zimasintha m'masabata ochepa, pamene mitsempha ndi mafupa zimatenga miyezi. Fupa likapatsidwa ntchito yatsopano limayamba lagumula mbali zake zakale lisanamange zatsopano, ndipo pakati pa ziwirizi limakhala lofooka kuposa poyamba. Munthu amamva kuti miyendo yalimba, n'kuwonjezera mtunda, chonsecho fupa lili pa nthawi yake yoopsa. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga sikufika.

Kasinthidwe kake

Ulendowu umayambira m'nyumba, ndipo umayamba ndi kuyenda, osati kuthamanga. Masabata awiri oyamba, vulani nsapato mukafika pakhomo, muziyenda pa simenti kapena pa kapinga wosesedwa kwa theka la ola patsiku. Mapazi akadzuka bwino m'mawa mwake, wonjezerani pang'ono. Kenako yambani kuvala nsapato zopyapyala pa maulendo afupiafupi, monga a kugolosale kapena kokwerera basi, nsapato zanu zakale n'kumavalabe pa maulendo aatali. Pa kafukufuku wa masabata 8 uja, anthu adayamba ndi masitepe 2,500 patsiku, kenako 5,000, pomaliza 7,000. Amene wazolowera gogoda kapena jombo asatsike tsiku limodzi. Adutse kaye pa nsapato ya chidendene chotsikirako.

Kayendedwe nako kamafuna kusintha. Ena amaganiza kuti kuyenda wosavala ndi kunyang'ama, koma si choncho. Poyenda, munthu aliyense amayamba ndi chidendene, kaya wavala kaya sanavale. Chosiyana ndi kukula kwa sitepe ndi mphamvu yopondera. Muonetsetseni mayi wakumudzi atasenza ndowa ya madzi pa njira ya miyala. Saponya mwendo kutali. Masitepe ake ndi afupiafupi, phazi limatera pafupi ndi thupi, bondo limakhala lopindika pang'ono, chidendene chimangokhudza pansi thupi n'kudutsa msanga kupita ku zala, ndipo madzi satayika. Wozolowera soli yokhuthala amatambasula mwendo wonse n'kumenyetsa chidendene, chifukwa nsapato imamubisira ululu. Khutu lingakuthandizeni: mukamamva mapazi anu akuti di, di, di pa simenti, fupikitsani sitepe.

Mafizo ochepa amathandiza, ndipo safuna chipangizo. Imani pa chiwundo cha khonde ndi kutsogolo kwa mapazi, mukwere m'mwamba, kenako mutsitse zidendene pang'onopang'ono. Khalani pampando, mutambasule zala kuti zitalikirane. Poyamba zidzakana, koma zimaphunzira. Yesani kukweza chala chachikulu chokha, zinazo zili pansi, kenako mosinthanitsa. Kokani kansalu ndi zala. Imani ndi mwendo umodzi mukamatsuka mano. Nyonyomalani zidendene zili pansi, monga amachitira anthu pootha moto. Amene wakhala pa mpando wa mu ofesi zaka zambiri adzadabwa kuona kuti akugwa chagada, ndipo chimenecho ndi chizindikiro cha akakolo ouma.

Kuthamanga kubwere pambuyo pa miyezi ingapo ya kuyenda, ndipo kuyambe ndi mamita mazana ochepa okha, n'kupumira tsiku limodzi kapena awiri. Pa zonsezi muzisiyanitsa mitundu iwiri ya ululu. Kuphwanya kwa akatumba kumene kumamveka mbali zonse ziwiri n'kutha pakapita masiku awiri ndi chizindikiro cha mnofu umene ukugwira ntchito. Koma ululu wa malo amodzi pamwamba pa phazi, woti mukhoza kuuloza ndi chala, makamaka pakatupa, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa. Chimodzimodzi chidendene chobaya pa masitepe oyamba a m'mawa, kapena mtsempha wa Achilles wouma ndi wotupa. Zikatero bwererani ku nsapato zanu zakale, ndipo ululuwo ukapitirira pitani kuchipatala. Kwa anthu ambiri kusintha konse kumatenga pakati pa theka la chaka ndi chaka chathunthu.

Dothi lathu lili ndi zake

Malangizo ambiri a nkhaniyi adalembedwera anthu a m'mayiko ozizira, okhala ndi zimbudzi za madzi paliponse. Walira mvula walira matope: kuno kuponda pansi kuli ndi mtengo wake, ndipo makolo athu sadalakwe polimbikira kutigulira nsapato.

M'dothi lonyowa la malo amene anthu amadzithandizira patchire mumakhala ana a njoka zina za m'mimba, osaoneka ndi maso. Amaboola khungu la kuphazi, kuyenda ndi magazi mpaka m'mapapo, kukwera kukhosi, kumezedwa, n'kukaluma m'matumbo momwe amayamwa magazi. Mwana amayamba kuyezuka, kufooka ndi kugona m'kalasi, ndipo mayi woyembekezera amachepa magazi. M'fumbi louma la m'makola ndi m'nyumba zozira mumakhala matekenya. Lalikazi limalowa m'mbali mwa chikhadabo, kutupa mpaka kukula ngati nsawawa, n'kusiya chilonda cholowera matenda ena, kuphatikizapo kafumbata. M'mapiri a ku Ethiopia, Uganda, Rwanda ndi Cameroon, kumene kuli katondo wochokera ku mapiri ophulika, tizidutswa ta dothi timalowa m'khungu kwa zaka zambiri n'kutupitsa miyendo moopsa, matenda amene madokotala amati podoconiosis. Mankhwala ake oyamba ndi nsapato, sopo ndi madzi. Onjezanipo njoka za m'munda, misomali yadzimbiri, mabotolo osweka a mumsika, phula wotentha wa mu Okutobala, ndi zikang'a zimene zimang'ambika mpaka kutuluka magazi.

Pali anthu ena amene nkhani yovula nsapato siyenera kuwakhudza n'komwe. Wodwala matenda a shuga asamayende wosavala, ngakhale m'nyumba. Shuga amapha timitsempha tomvera, phazi limachita dzanzi, munthu amaponda minga osadziwa, ndipo kachilonda kakang'ono kakhoza kufikitsa podula mwendo. Chimodzimodzi amene adadwalapo khate. Okalamba a mafupa ofooka, a nyamakazi ya m'mapazi, ndi amene adapatsidwa nsapato zapadera kuchipatala afunse kaye dokotala. Palinso ena amene amalalikira kuti kuponda nthaka kumakoka matenda m'thupi ndi mphamvu ya magetsi a m'dothi; zimenezo zilibe umboni wogwirika.

Choncho kwa ife yankho lili pakati. Kuponda pansi kwenikweni kukhale kwa malo aukhondo: m'nyumba ya simenti, pa kapinga wosamalidwa, pa mchenga wouma. Kwina konseko, phazi likhale ndi chotchinga pakati pa khungu ndi dothi, koma chotchinga chimene sichikulanda ntchito yake.

Kusankha nsapato

Nsapato yotere siifuna madola. Madzulo, pamene mapazi afufuma pang'ono, imani pa chikatoni, wina azungulize pensulo m'mbali mwa phazi lililonse, mudule, mupite nazo ku kaunjika kapena ku salaula. Lowetsani chikatonicho mu nsapato imene mwaikonda. Chikapindika m'mbali, nsapatoyo idzafinya zala zanu. Ngati kansalu ka m'kati kamachoka, katulutseni muimepo. Zala zisasefukire kunja, ndipo kutsogolo kutsale malo okwana m'lifupi mwa chala chachikulu cha dzanja. Ikani nsapatoyo pa malo osalala muone ngati kumbuyo ndi kutsogolo n'kolingana. Ipindeni ndi manja: iyenera kupindika mosavuta pamene zala zimapindikira. Ipotoleni. Inyamuleni mumve kulemera kwake. Wogulitsa akakuuzani kuti idzatamuka mukamavala, dziwani kuti chimene chidzayambe kusintha ndi phazi lanu.

Patapata ndi wathyathyathya ndi wotakasuka, koma alibe chogwira kumbuyo, choncho zala zimakhalira kukanirira kuti asavuke, ndipo paulendo wautali phazi limatopa molakwika. Nkhwaira ya lamba wozungulira chidendene imaposa patapata. Osoka a pansi pa mtengo amaidula ku tayala ndi mpeni wonola pa mwala, malamba n'kuwacheka ku chubu kapena ku mbali yofewa ya tayala lomwelo. Mukamapangitsa, pondani pa mphirayo kuti akujambuleni phazi lanu lenileni, ndipo muwauze asankhe mbali yopyapyala, yopanda mawaya. Ya tayala la lole imakhala zaka, koma ndi yolemera ndipo siipindika. Misomali ya m'kati aipinde bwinobwino.

Pa ana m'pamene pamafunika maso kwambiri, chifukwa mafupa a phazi amapitiriza kukhwima mpaka mwana atatha msinkhu, ndipo amatengera chikombole chimene aikidwamo. Zolakwika zofala ndi ziwiri. Kholo limagula nsapato yaikulu kwambiri kuti akuliremo, mwana n'kumakoka mapazi chaka chonse. Kapena mwana amavalabe ya chaka chatha, kaya yosiyidwa ndi mkulu wake, zala zitapindika, osadandaula chifukwa akudziwa kuti ina kulibe. Phazi la mwana wamng'ono limakula msanga, choncho liyezeni pa chikatoni teremu iliyonse. Nsapato ya sukulu ikhale yotakasuka kutsogolo, yofewa ndi yomangira bwino. Akaweruka aivule, asewere pabwalo losesedwa, asambe mapazi ndi sopo asanagone, ndipo alandire mankhwala a njoka za m'mimba akabwera a zaumoyo. Mwana woleredwa chonchi sadzafunika kuphunziranso kuyenda ali ndi zaka 40.